Mboni Yake Inali Mwala

"Ndiye ukuti mwalawu wachokera kuti?"

"Kumwamba."

"Kumwamba kwake kuti? Padenga? Mumtengo?"

"Kumwamba basi, abambo. Ine ndinali pa mashini, sindinaufunse."

Dalaivala anali atangofika kumene kuchokera ku ulendo wautali, jekete asanavule, makiyi a thiraki akadali m'manja. Patebulo la pabalaza panali mwala wakuda bii, waukulu ngati chibakera cha munthu wodya bwino. Mbali ina ya tebulo kunali amayi ake, amene pamalopo aliyense ankangowaitana kuti Apongozi, ngakhale wogulitsa makala yemwe. Mbali inayo kunali mkazi wake, Telala, tepi yoyezera ili m'khosi, maso atatupa.

Nkhaniyo inali ndi mitu iwiri, ndipo Dalaivala anaimva yonse asanamwe ndi madzi omwe.

Telala anati anali kuchipinda masana, akusoka yunifolomu ya mwana wa kasitomala, pafupi ndi windo pomwe pamakhala mashini ake. Anamva kugunda ngati bingu, chonsecho kunja dzuwa likuswa mtengo. Kenako kamluzu. Kenako lata linabooka, chinthu chinamenya ngodya ya tebulo la mashini, n'kugubuduzika kulowa kunsi kwa bedi. Iye anathawa mapini ali kukamwa. Mtima utakhala pansi anakaitana mnansi wawo wowotcherera zitsulo, amene anthu ankamutcha Magalasi chifukwa magalasi akuda a pantchito sankawavula ngakhale pokagula buledi. Anamuitana kuti adzaone ngati bowolo lingatsekeke mvula isanabwere.

Apongozi sanatsutse chilichonse. Iwo anangoyambira pomwe maso awo anayambira. Anati pobwera kuchipatala kokatenga mankhwala a miyendo, anapeza nsapato za mwamuna pakhomo la chipinda, zitaikidwa bwinobwino ngati za mwini nyumba. Atakankha chitseko anapeza Magalasi ataimirira pa bedi la mwana wawo, mutu uli kudenga, mpongozi wawo atamugwira miyendo.

"Ndimamugwira kuti asagwe, amayi. Matiresi aja amanesa."

"Eya. Nayenso pano akudziwa kuti amanesa."

Za mwala Apongozi anali nalo kale yankho. Anati mwamuna akafuna kudziwa ngati mwini nyumba wachoka, amaponya kamwala padenga, mkazi n'kutuluka. Kale ankaponya timiyala ting'onoting'ono, taulemu, koma amuna a masiku ano amangotola chilichonse chimene chili pafupi. Dalaivala anafunsa kuti amayi zimenezo anazidziwira kuti. Apongozi anati asawasokoneze, mlandu si wawo.

Tsono Dalaivala sanali munthu woipa, anthu inu. Vuto lake linali khosi. Akamva mkazi wake akulankhula ankagwedeza mutu kuvomereza, akamva amayi ake ankagwedezanso chimodzimodzi, mpaka iye mwini osadziwa kuti wavomera ziti. Tsiku limenelo omaliza kulankhula anali amayi. Zovala za Telala zinalongedwa m'chikwama, chikwama chinaikidwa kuseri kwa sofa, ndipo kunagamulidwa kuti mwini chikwama azigona pabalazapo mpaka zitadziwika kuti mwala ndi wa ndani. Ukapezeka kuti ndi wa Magalasi, Telala azipita kwa mkulu wake, banja lathera pomwepo.

Magalasi atafunsidwa anautembenuza mwalawo, kuununkhiza, n'kunena kuti iye akanakhala ndi mkono woboola lata ndi tebulo nthawi imodzi, sakanakhala akuwotcherera mawilibala a anthu. Apongozi anati iwo sanayembekezere kuti avomera.

Dalaivala anaujambula mwalawo n'kuponya chithunzi pa gulupu ya madalaivala anzake, ndi funso lakuti ndani anauonapo mwala wotere. Wina anati ndi chidutswa cha batire. Wina anati ndege zimataya zinthu zija mukuzidziwa inu, asaugwire ndi dzanja lodyera. Wina anangotumiza pemphero lalitali. Chithunzi chija chinadumpha gulupu n'kulowa ina, n'kulowanso ina, mpaka Dalaivala analandira mafoni a anthu awiri osawadziwa, onse akupempha kudzauona mwalawo kumathero a sabata. Anauza a kunyumba kuti kubwera alendo olemekezeka, n'kukwera thiraki yake n'kumapita.

Apa m'pamene zinthu zinalakwika, ndipo zinalakwika chifukwa cha ukhondo.

Apongozi anali atauviika kale mwalawo m'beseni la madzi a mchere, ati unkanunkha machesi. Atamva za alendo anati m'nyumba mwawo mlendo saonetsedwa chinthu chamwaye ngati kunsi kwa poto. Anaitana Telala, kumupatsa sopo ndi waya wotsukira mapoto, n'kumuuza kuti nyansi zake azichotse yekha. Telala anakhala pakhonde n'kuyamba kukwecha. Waya anatha, kuda kusanachoke. Anatenga mchenga. Anaunola pa simenti ya sitepe ngati mpeni. Anakabwereka sanipepa kwa kalipentala. Ankakwecha ndi mkwiyo wonse umene sakanatha kuulankhula, mpaka khungu lakuda lija linasendeka, m'kati mukuoneka motuwa ngati phulusa. Kutacha mwala unali utachita dzimbiri. Apongozi anaudzoza mafuta ophikira kuti uwale, n'kuukhazika pa kansalu koluka pakati pa tebulo ngati keke.

Alendo anafika nthawi imodzi koma sanabwere limodzi. Woyamba anali bambo wamimba, wachipewa, maginito atawamangirira pachingwe m'khosi ngati mkanda. Asanafike ndi pakhomo pomwe, a pamsewu anali atamupatsa kale dzina, Maginito. Ntchito yake inali kugula miyala yakumwamba n'kumaisunga m'kabati yagalasi, ina n'kumagulitsa kwa anzake odwala matenda omwewo. Wachiwiri anali mayi wa ku yunivesite, Dokotala, osati wa jakisoni koma wa miyala, atanyamula magolovesi ndi botolo louma la pakamwa papakulu. Awiriwa ankadziwana. Anapatsana moni wa anthu amene anakanganapo kale ndipo akudziwa kuti akangananso.

Atauona mwala uja pa kansalu, Dokotala anatseka maso. Maginito anakhala pa sofa osauzidwa. Anatulutsa foni, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana mwala, kuyang'ananso chithunzi.

"Khungu lakuda lija lili kuti?"

"Tatsuka," anatero Apongozi monyadira. "Mpongozi wangayu manja ali nawo. Zinazo ndi zimene zikutivuta."

Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akupereka uthenga wa maliro. Anati mwala ukamagwa kuchokera mlengalenga umathamanga kwambiri mpaka kunja kwake kumasungunuka, n'kuuma ngati kachikopa kakuda. Kachikopa kameneko ndiye umboni woyamba umene munthu amauona ndi maso. Mdani wamkulu wa miyala yotere ndi madzi a mchere, wachiwiri ndi mafuta. Telala anayang'ana zala zake zosupuka, n'kuzibisa m'thumba la epuloni.

Maginito anavula chingwe chake n'kuyandikizitsa maginito aja. Anamata. Apongozi anaimirira, miyendo yodwala ija itaiwalika.

"Chitsulo. Mwaona? Pamalo pano wa zitsulo ndani?"

Dokotala anati miyala yambiri yakumwamba imakhala ndi chitsulo m'kati, ndiye maginito kumata n'chizindikiro chabwino. Koma poti anali munthu wachilungamo mopitirira, anawonjezera kuti miyala yambiri imene anthu amamubweretsera ku ofesi imadzapezeka kuti ndi zotsalira za m'ng'anjo kapena za owotcherera, nayonso imamata. Apongozi anatola theka lachiwirilo n'kulisunga bwino. Loyambalo analisiya pansi.

Dalaivala, amene anali atabwerako m'mawa womwewo, anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Pepani akuluakulu, ine sukulu ndinalekera panjira. Mwalawu ndi wakumwamba, kapena ayi?"

"Ndi wakumwamba," anatero Maginito.

"Sitinganene," anatero Dokotala.

Kuyambira pamenepo eni nyumba anasanduka oonerera. Dokotala anati choyamba, si chilichonse chogwa kumwamba chimene chimawerengedwa. Chitsulo cha ndege kapena cha makina amene anthu anatumiza mlengalenga, ngakhale chigwe ndi moto, sichilowa m'gulumo. Chiyenera kukhala chachilengedwe. Ndiponso chinthucho chikamayenda kumwambako chimakhala ndi dzina lake, chikamayaka pogwa dzina lina, chikafika pansi dzina linanso. Apongozi anati chinthu cha mayina atatu kwawo amachitcha chigawenga.

Dokotala anapitiriza. Anati kwa iwo a sayansi mwala sukhala wakumwamba chifukwa munthu wachipewa wanena. Umadulidwa kachidutswa, kachidutswako kamapalidwa mpaka kuwala kuzidutsa, n'kuikidwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Pamenepo m'pamene amaona banja lake. Ilipo yachitsulo chokhachokha, ilipo yamwala, ilipo yosakaniza. Yamwalayo ilinso ndi mabanja ake, ina ili ndi timibulu ngati mikanda m'kati, ina ilibe, ndipo ya timibuluyo imagawidwanso malinga ndi kuchuluka kwa chitsulo. Zikatha izo zotsatira zimapita kwa gulu la akatswiri kunja, iwo akavomera amaupatsa dzina. Zisanatero, umenewu ndi mwala wongoganiziridwa.

"Ngati mpongozi wangayu," anatero Apongozi.

Anafunsanso ngati dzinalo lingakhale la malemu amuna awo. Dokotala anati ayi, mwala umatenga dzina la malo amene wagwera. Apongozi anati ndiye uzitchedwa Kuchipinda, dziko lonse lidziwe.

Maginito anaseka, anati a yunivesite amagawa chinthu mpaka osatsala pogwira. Iye ndi anzake mabanja awo ndi osavuta. Ulipo mwala wotola, umene munthu wangoupeza kutchire osadziwa kuti unagwa liti. Ulipo wogwa, umene munthu anauona kapena kuumva ukugwa. Pamwamba pa yonse pali umene amautcha nyundo, mwala umene pogwa unamenya chinthu cha anthu, kaya galimoto, kaya denga, kaya mpanda. Uwu wamenya ziwiri, lata ndi tebulo. Ngakhale wasendedwa ngati mbatata, iye augula, koma wathunthu, wosadulidwa, pamodzi ndi lata lobookalo ndi ngodya ya tebulo. Dokotala anati kachidutswa kokha sikangaphe mtengo, ndipo ogula anzeru amafuna mwala woyezedwa. Maginito anati ogula ake iye amawadziwa yekha, n'kutembenukira kwa Dalaivala kumufunsa ngati angagule thiraki yochotsedwa chitseko. Kenako anamunong'oneza kenakake m'khutu. Dalaivala anayamba kutsokomola, n'kupempha madzi.

Nthawi yonseyi Telala anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi thileyi ya makapu. Anaika thileyi pansi.

"Adokotala, mukadula, mudzatha kunena pamaso pa anthu kuti mwalawu sunachokere kwa wowotcherera?"

Dokotala anamuyang'ana, anayang'ana chikwama chimene chinkasuzumira kuseri kwa sofa, ndipo zikuoneka kuti m'pamene anazindikira kuti walowa m'nyumba yotani.

"Ngati uli wakumwamba, ndidzanena. Ndidzabwera ndekha kudzanena."

"Dulani."

"Taima kaye iwe," anatero Dalaivala. "Zinthu zimafuna kuganizira."

Alendo anapita. Dokotala anasiya botolo lija, anapempha kuti mwala upukutidwe, uikidwemo, usadzaonenso madzi.

Kuganiza kwa Dalaivala kunatenga masabata. Botolo analiika kuchipinda, ati pabalaza pamadutsa anthu ambiri, ndipo poopa kuti lingagwe analigoneka pa pilo wa mkazi wake. Ndiye mwala unkagona pabedi, mwini pilo pa sofa. Bowo lija sanalole kuti litsekedwe chifukwa Maginito anali atanena kuti lisakhudzidwe. Mvula ikagwa ankaika ndowa pamatiresi. Telala ankaloledwa kulowa m'chipindamo masana okha kukasoka, chitseko chili chotsegula, Apongozi atakhala pampando moyang'ana chitsekocho.

Kunja nkhani inali itamera miyendo. Azimayi amene ankabweretsa mathalauza a amuna awo anayamba kuwapititsa kwa telala wa kumsika. Mkazi wa Magalasi anasiya kuyankha moni. A pa shopu, Telala akamadutsa, ankayang'ana kumwamba n'kuphimba mitu ndi manja. Ena ankati nyenyezi, ena ankati Magalasi, ena ankati nyenyezi yotumidwa ndi Magalasi.

Magalasi mwini wake anatopa nazo. Anafika pageti, pa geti pokha, osalowa, n'kunena kuti ngati vuto ndi kudula iye makina odulira ali nawo, adula ulere, kachidutswa kapite kwa Dokotala, anthu apume. Apongozi anati taonani, wabwera kudzafafaniza umboni. Magalasi anavula magalasi ake, kwa nthawi yoyamba pamaso pa anthu, anawayang'ana mayiwo, n'kuwavalanso n'kumapita.

Telala anaganizapo zolitenga botolo n'kukwera nalo basi kupita ku yunivesite. Anaimbira Dokotala, ndipo Dokotala anati sangadule popanda chilolezo cha mwini mwala. Nanga mwini wake ndani? Apongozi ankati nyumba ndi ya malemu amuna awo, ndiye chogwera m'nyumbamo ndi chawo. Dalaivala ankati malata anagula ndi iye. Telala anali ndi tebulo lokha. Komanso anadziwa kuti akangotuluka nalo botololo, kubwera kwake adzauzidwa kuti wasinthanitsa mwala panjira.

Tsiku lina masana, Apongozi akuwodzera pampando wawo, Dalaivala analowa n'kukhala m'mphepete mwa bedi, pafupi ndi ndowa. Anayamba ndi kuyamikira diresi imene inali pamashini. Anati mashini amenewa akalamba, pedulo ikulira, ndipo munthu waluso ngati iye amayenera amagetsi, aja osoka zigizagi. Telala sanasiye kupalasa.

"Abambo, inuyo mukuti bwanji?"

"Za mashini?"

"Za ine."

Dalaivala anakanda m'mutu. "Sindikuti unachita. Sindikutinso sunachite. Sitinganene."

"Mawu a Adokotala amenewo. Iwo amanena za mwala."

"Nanga si nkhani yake ndi imodzi."

"Ndiye apatseni adule."

Anayamba kufotokoza za chitseko cha thiraki. Anati Dokotala mwini wake ananena kuti zotsatira zimatenga miyezi, ndipo mwina akadula apeza kuti si wakumwamba, ndiye iye adzakhala ataluza mwala ndi mkazi yemwe. Pomwe osadula... apa anasokonezeka yekha, anayambiranso, anasokonezekanso. Telala anamuuza kuti iye saopa kudula, amene akuopayo adzifunse chifukwa chake. Dalaivala anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo Telala anaona ngati mwina zatheka. Madzulo ake amayi ake anamuitanira kukhitchini. Anagwedezanso.

Maginito anabwera ndi pikapu, makwerero ndi amisiri awiri. Asanawakweze padenga anati pali kanthu kamodzi katsala. Mwala wogwa umafuna mboni. Popanda munthu wonena kuti ndinalipo, ndinamva, ndinaona, anzake adzati ndi wotola, bowolo anthu anachita kuboola dala. Ndiye akufuna kujambula vidiyo. Anafunsa kuti analipo ndani. Onse anayang'ana Telala.

"Ndi munthu wodalirika?" anafunsa Maginito, foni ili kale m'mwamba. "Pepani kufunsa, ogula amafunsa zimenezi."

Dalaivala anaika dzanja pachifuwa.

"Bwana, mkazi wanga sanama. Chikwatirane sanandinamizepo ngakhale kamodzi. Akati wachokera kumwamba, ndiye kuti wachokera kumwamba."

Apongozi anakonza mpango wa kumutu n'kulowa mu kamera nawonso. Anati mpongozi wawo ndi mwana woopa Mulungu, woleredwa bwino, moti mwala utagwa iwo anali oyamba kumukhulupirira.

Telala anawayang'ana onse awiri nthawi yaitali, mpaka Maginito anafunsa ngati akuchita manyazi ndi kamera. Kenako anafotokoza. Bingu kunja kuli dzuwa, kamluzu, lata, ngodya ya tebulo, kunsi kwa bedi. Mawu omwe aja a tsiku loyamba, osachotsa, osawonjezera. Kumbuyo kwake mwamuna wake ndi Apongozi ankavomekeza ngati a kwaya.

Amisiri anazula lata. Anacheka ngodya ya tebulo ndi sowo, Telala atakumbatira mutu wa mashini kuti usagwe. Maginito anakulunga botolo m'thaulo ngati khanda. Ali pafupi kukwera galimoto, Telala anamufunsa ngati adzaupititse mwalawo kwa Dokotala tsiku lina. Anati ayi mayi, umenewu sulawa mpeni. Nanga m'kabatimo adzauika kuti ndi wa banja liti? Anati adzangoti nyundo, wosayezedwa, ndipo miyala yotero ilipo yambiri, imakhala bwinobwino popanda dzina.

Pikapu itakhota pakona, Telala anabwerera m'nyumba, anatenga chikwama chake kuseri kwa sofa, n'kulunjika kuchipinda. Apongozi anali ataima kale pachitseko.

"Ukupita kuti ndi chikwamacho?"

"Kuchipinda kwanga, amayi. Mwanena nokha pa kamera."

"Zija zinali za malonda."

Telala anatembenukira kwa mwamuna wake. Dalaivala ankayang'ana nsapato zake ngati akuziona koyamba. Anati zimene ananena pa vidiyo ananena ndi mtima wonse, komanso amayi ali ndi mfundo, chifukwa kunena zoona umboni weniweni sunapezeke. Anati apirire pang'ono pa sofa, zinthu zikhala bwino, mashini amagetsi akubwera.

"Umboni mwaukweza nokha pa pikapu," anatero Telala.

Sanakuwe. Chikwama chinali kale m'manja, ndiye anangosintha kolowera. Mawa lake anabwera ndi mkulu wake, anatenga mashini ndi tebulo lake loduka ngodya. Apongozi anaima pakhonde n'kumauza aliyense wodutsa kuti akanakhala wosalakwa sakanachoka.

Lata latsopano linakhomedwa. Mashini amagetsi anagulidwa n'kukhala m'katoni pabalaza, Apongozi n'kumaikapo makapu. Nyumba inakhala chete moti mayiwo anayamba kukangana ndi wailesi. Dalaivala akaima pamalo opumira mathiraki ankatsegula vidiyo ija, poti Maginito anali atamutumizira, n'kumadzionera yekha dzanja lili pachifuwa. Munthu wa mu vidiyoyo ankaoneka wotsimikiza kwambiri moti Dalaivala ankamusirira.

Anaimbira Dokotala, kumufunsa ngati angathe kunenapo kanthu pongoona zithunzi. Dokotala anati chithunzi choyamba chija chinkalonjeza kwambiri, koma iye sanganene popanda mwala, ndipo anafunsa kuti mayi aja ali bwanji. Dalaivala anati netiweki ikuvuta.

Anaimbira Maginito. Anamupeza ali wosangalala, ati mwala uli pa shelefu yapamwamba, pansi pa lata lake, alendo akumaujambula. Dalaivala anazungulira, anazungulira, kenako anafunsa. Anati bwana, popeza simunadule, mukudziwa bwanji kuti si chitsulo cha wowotcherera?

"Kudziwa sindikudziwa, achimwene. Ndimangokhulupirira. Ndaugwira, ndakhala nawo, ndinawamva mayi aja akufotokoza. Ine zinandikwanira."

Dalaivala anathokoza kwambiri. Anasamba, anavala shati yabwino, n'kupita kwa mlamu wake. Anapeza Telala pakhonde akusoka makatani. Mlamuyo anamupatsa mpando n'kulowa m'nyumba, koma windo analisiya lotsegula.

Anafotokoza zonse mwadongosolo. Anati walankhula ndi katswiri weniweni, munthu amene wagwirapo miyala yambirimbiri, ndipo katswiriyo wanena ndi pakamwa pake kuti akukhulupirira. Ndiye nkhani yatha, atenge katundu azipita kunyumba, amayi akawafotokozera bwinobwino.

Telala anamaliza mzere umene ankasoka, n'kudula ulusi ndi mano.

"Ndiye Maginito akundikhulupirira."

"Kwambiri."

"Munthu amene anandiona kawiri."

"Eya, ndiye ukuona."

"Nanga inuyo?"

Dalaivala anati iye akugwirizana ndi katswiriyo.

"Chikhulupiriro chimenecho n'chobwereka, abambo. Kabwezeni kwa mwini wake. Mukadzapeza chanu mudzabwere, ngati mudzandipeze."

Anaika nsalu ina pansi pa singano. Dalaivala anakhalabe pampandopo, foni ili m'manja, akuganiza kuti pa nkhani imeneyi angaimbire ndani.